Ndikufuna Gadiyani Wosaseka

Leeds, ku Mangalande
Mwezi wa Febuluwale

Okondedwa alongo anga a Watipaso,

Mwe uli, azichi? Chitonga changa cholemba chathera pomwepo. Pakamwa chimathamanga ngati bwato la injini, koma dzanja langali linaphunzira Chichewa chokha kwa aphunzitsi aja a ndodo ya mgwafa, ndiye mupirire. Ndipo inu amene munaphunzitsa ana a eni zaka zonse zija, musatenge bolopeni yofiira. Ndakula, sindingabwerezenso kalasi.

Muli bwanji kumeneko ndi alamu anga a Winston? Bondo lanu lija likuti chiyani ndi mvula ino? Ndinamva kwa mwana wanga Olive kuti madzi analowa m'munda wa chinangwa wa kumunsi uja. Ngati n'zoona, zulani msanga chisanaole, ndipo a Winston musawalole kuyang'anira ntchito atakhala pa mpando. Ine kuno thupi lili bwino. Miyendo ikuyenda, mano anga otsala aja akadali pa ntchito onse, palibe wopuma. Zina ndinena m'munsimu. Mukundidziwa, nkhani ndimailowera kuseri ngati mbuzi yolowa m'dimba.

Kalatayi ndapatsira Aleck, mwana wa malemu a Peterson a ku Kande, amene akubwera kudzaona mayi ake. Akupatsaninso kaphukusi, muli foni. Musadabwe kuti sindinangoimba. Kafoni kanu kaja mumakayankhira pakhonde mutakweza mawu, ndiye ndikamalankhula nanu ndimakhala ndikulankhulanso ndi a Winston, nkhuku, ndi aliyense wopita ku chigayo. Nkhani iyi ndi ya inu nokha. Mukawerengere kuchipinda.

Za kuno n'zochepa. Kukuzizira moti ndikatuluka panja mphuno imakhala ngati ndabwereka ya munthu wina. Dzuwa limabwera ngati wa boma, kungoonekera n'kubwerera. Nsomba amagulitsa zopanda mutu, ndipo ndinafunsa mnyamata wa m'sitolo kuti mitu amadya ndani, iye anakaitana bwana wake. Olive akugwirabe ntchito ku nyumba yosungira okalamba. Tsiku lonse amasambitsa nkhalamba za eni, akaweruka n'kudzapezanso nkhalamba ina kunyumba, yaulere. Mwanayu waonda, koma sadandaula.

Tsono nayi nkhani. Alongo anga, ine ndikudwala. Si thupi ayi, ndi maganizo. A chipatala kuno akufuna dzina la munthu mmodzi woti akhale gadiyani wanga, ndipo ine ndatchula inu musanavomere. Musatseke kalata, mverani kaye mmene zinayendera.

Chimwalirireni Anyalongwe, mayi a Olive, ine sindinakhalenso bwino. Pamene Olive ankanditenga kuti ndidzapume kuno, nonse munati mphepo yatsopano indithandiza. Poyamba ndinkayendayenda, kupereka moni kwa azungu pa siteji ya basi mpaka ena anayamba kuyankha. Kenako zinthu zinayamba kutha kukoma chimodzichimodzi. Tiyi ngati madzi. Wailesi ngati phokoso. Ndinkakhala pa mpando kuyang'ana khoma, Olive n'kupita ku ntchito, n'kubwera, ine ndili pomwepo. Akalowa pakhomo ndinkafulumira kumuponyera kanthabwala, iye n'kuseka, basi tsiku latha.

Chinandiulula ndi buluku. Lamlungu lina ndinatuluka kuti tizipita ku tchalitchi nditavala buluku losasita, nsapato zosapolisha. Olive anaima pa masitepe n'kundiyang'ana ngati waona njoka. Anati kusadya akanatha kukumvetsa, kusagona akanathanso, koma bambo ake, Mtonga wa pa Chintheche, kutuluka m'nyumba buluku lilibe mzere, ndiye kuti zinthu zafika poipa. Ine amene ndinali dokotala wa gulu lathu la malipenga, woyendera makolala ndi masokosi a anyamata asanalowe m'bwalo, wobweza munthu chifukwa cha chikhadabo chimodzi chakuda! Sitinapitenso ku tchalitchi. Sabata yomweyo ananditengera kwa dokotala, dokotalayo n'kutitumiza ku chipatala cha matenda a maganizo.

Musaganize za unyolo ndi anthu ovula. Ndi nyumba yabwinobwino, ya mipando yofewa ndi maluwa a pulasitiki. Dokotala wake ndi mayi wamng'ono thupi, wa magalasi. Ndinamuuza kuti tikambirane ngati anthu a ntchito imodzi, poti nanenso ndine dokotala. Atafunsa kumene ndinaphunzira, ndinati ku bwalo la malipenga, ndipo choyezera pamtima changa chinali cha chubu cha njinga ndi chitsekerero cha botolo, koma palibe wodwala wanga anamwalirapo. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Atamaliza kuseka anandiuza kuti matenda anga dzina lake ndi dipuleshoni, kuti amagwira anthu ambiri makamaka pambuyo pa maliro, ndiponso kuti amachizika. Anandipatsa mapiritsi, ndi nesi wondiyang'anira dzina lake Vanessa, ndi chinthu china chimene eni ake amati potolo.

Potolo ndikufotokozereni chonchi. Mukudziwa buku la ku chipatala lija timasunga mu jumbo ya shuga kuti lisanyowe? Kuno bukulo lili mu foni. Umalowa ndi mawu achinsinsi, ndipo m'katimo muli tsiku lokaonana ndi dokotala, mayina a mankhwala, ndi kabokosi kolemberamo uthenga kwa nesi nthawi iliyonse ukafuna. Palinso malo amene dokotala amalemba zimene waona pa iwe, ndipo iwe mwini umatha kuwerenga. Kwathu dokotala amalemba ngati mapazi a nkhanu pa mchenga, umabwerera kunyumba osadziwa kuti wakunena chiyani. Kuno miseche yonse ili poyera. Olive ndiye anandikonzera zonsezi, n'kulumikizanso foni yake kuti aziona nawo, poti ine zala zanga zinazolowera ukonde.

Vanessa anandiuza kuti sabata iliyonse ndizilemba m'kabokosimo mmene ndikumvera. Ndinavomera. Chingerezi changa cha uwetala chija chikadalipo, chokwanira kufunsa mzungu ngati akufuna dzira lokazinga kapena lowiritsa. Koma alongo anga, inu mungayambe kuuza munthu mavuto anu musanamulonjere? Ndinayamba bwinobwino monga tinaleredwera. Ndinamufunsa mmene wadzukira, mmene alili amuna ake, ana, makolo mbali zonse ziwiri, ndi anzake a pa ntchito. Ndinathokoza dokotala. Ndinanenako za nyengo. Ndikuti tsopano ndiyambe nkhani, kabokosi kakana, kati malo atha. Kali ndi muyezo ngati kambale kogulitsira usipa. Ndinangotumiza moniyo.

Mawa lake Vanessa anayankha kuti zikomo, alibe mwamuna kapena ana koma ali ndi mphaka, ndipo mphakayo ali bwino. Sabata yotsatira ndikanachita bwanji? Ndinafunsa za mphaka. Inamveka kuti anali atadwala m'mimba. Ndinapereka malangizo monga dokotala. Mwezi wonse unatha chonchi, chipatala cha Mangalande chikulandira moni wochokera ku Chintheche sabata ndi sabata, mphaka n'kuchira, ine ayi.

Kabokosi ndikukanamizira pang'ono. Malo akanakwana ndikanafuna. Koma ndinkadziwa kuti chilichonse ndalemba chikafikanso pa foni ya Olive. Bambo angalembe bwanji, mwana wake wamkazi akuwerenga, kuti akaona chinthu choseketsa pa msewu amatembenukabe kuti auze mayi ake a mwanayo, n'kupeza pali mpanda? Iyenso anataya mayi. Tsiku lina ndinamuona akutsuka kapu imodzi pa mpopi nthawi yokwanira kutsuka ziwiya za pa ukwati. Ndinabwerera chakumbuyo osamuyankhula. Ndinati uyu katundu wake wamukwana, wanga ndisenza ndekha.

Ndiye tsiku lina, posowa chochita, ndinadina pa malo a miseche paja. Ndinkafuna kuona ngati dokotala analemba za udokotala wanga. Analembadi. Analembanso kuti ndine bambo wachikulire waulemu ndi wansangala. Pa mawu oti wachikulire ndinafuna kukadandaula. Koma m'munsi mwake munali mizere iwiri, ndipo ndikumasulirani mmene ndinaimvera. Wodwalayu akangotchulidwa mkazi wake amayambitsa nthabwala. Mpaka lero sanatchulepo dzina la mkaziyo.

Ndinapsa mtima. Ndinavala jekete n'kuzungulira m'nyumba ndikukonza zokamuuza, kuti mayi inu simudziwa mwambo, kwathu mwamuna wolongosoka saitana mkazi wake ndi dzina ngati mwana wa sukulu, timati Anyalongwe, timati mayi a uje. Mlandu ndinawina ndithu, ndekha m'khitchini. Koma nditakhala pansi ndinadziwa kuti kamayi ka magalasi kaja kandigwira. Pagulu anali Anyalongwe, inde. Koma tikakhala awiri, kuyambira tsiku limene ndinamuona akuvina chilimika ali mtsikana mpaka m'chipatala muja, ndinkamuitana dzina lake, ndipo iye ankati ndine ndekha wotsala amene ndimalidziwa. Chiikireni m'manda, dzinalo linali lisanatulukenso pakamwa panga. Ndinkalizungulira ngati mwala wa pansi pa madzi.

Mukukumbukira pa maliro paja? Moyo wanga wonse ine ndakhala woseketsa anamfedwa. Kukagwa zovuta ku Limphasa kapena ku Kande, anthu ankati itanani a Zacharia adzapepuze mitima, ndipo ndinkapita. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Litafika tsiku langa panalibe wondiseketsa, ndiye ndinagwira ntchitoyo ndekha. Ndinanena a kwaya kuti akuimba ngati akukoka ukonde wodzaza miyala. Ndinauza okumba manda kuti awongole bwino m'mbali, poti mwini nyumbayo sankalola ngakhale nsalu ya pa tebulo kupendekeka. Anthu anaseka misozi ili m'maso, n'kumati bambo awa ndi olimba mtima. Inu munali kuseri kwa nyumba mu yunifolomu ya Umanyano wa amayi a mpingo, mukugawa nkhuni. Ndinabwera kuti ndikuponyereni yanu. Munandiyang'ana n'kunena mawu awiri okha.

"Zacharia, leka."

Ndinathawa. Ndinapita kukaseketsa azibambo ku mpanda.

Inutu simunasekepo nthabwala yanga chibadwire changa. Tsiku lija ndinaika nkhanu m'chipewa cha mkulu wa mpingo, tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete, ngakhale abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Inu munangondigwira khutu mpaka kunyumba. Pa ukwati wanu nditavala diresi la amayi n'kukhala pa mzere wa operekeza mkwatibwi, a Winston anatsamwa ndi thobwa, inu osagwedeza ngakhale mlomo. Ndinkaganiza kuti munabadwa opanda kamtsempha kosekera. Ndakalamba ndi pamene ndazindikira kuti anthu ena onse amamvera nthabwala, inu mumayang'ana woinenayo.

Ulendo wotsatira ndinamuuza Vanessa chifukwa chake ndimalemba za mphaka. Iye anati potoloyo ndi yanga, si ya banja, ndipo ndine ndekha wonena amene alowe ndi pamene alekezere. Anati angathe kukonza kuti Olive aziona masiku ndi mankhwala okha, koma ndiyambe ndamuuza ndekha. Ndinalimbana nazo masiku angapo. Mwana wakusunga, wakulipirira ndege, ungamuuze kuti tuluka m'chipinda? Ndinamuuza tikusenda mbatata, maso ali pa mpeni. Olive anati:

"Ada, ine ndimaopa kutsegula pamenepo. Ndimangoona tsiku lopita ku chipatala n'kutseka msanga. Ndimaopa kuti ndipeza zoti sindingazithe."

Mwaona? Ine kubisala kuti iye asaone, iye kutseka maso kuti asaone, nyumba imodzi. Tinaseka, ndipo kuseka kumeneko kunali koyamba kwenikweni chifikireni kuno. Mbatata zinapserera.

M'mawa mwake, Olive atapita ku ntchito, ndinatsegula kabokosi. Sindinalonjere munthu. Ndinamva ngati ndalowa m'nyumba ya eni popanda odi. Ndinalemba kuti dzina la mkazi wanga ndi Ethel. Ndinalemba kuti ndikadzuka m'mawa ndimakhumudwa kuti ndadzukanso. Malo anatsala ambiri, koma mawu anali atatha.

Dzuwa lisanapendeke foni inalira. Anali Vanessa, ndipo nayenso sanalonjere. Anandifunsa mosazungulira ngati ndimaganiza zodzivulaza. Ndinamuuza zoona, kuti ayi, kungoti moyo ukundilemera ngati bulangeti lonyowa. Kenako chizolowezi chinandigwira, ndinati ndiponso kuno kukuzizira kwambiri, munthu sangafe bwino. Sanaseke. Anangokhala chete pa foni, kudikira. Chete ameneyo ndinamuzindikira, alongo anga, ndi wanu uja. Ndinayesa kupeza ina yoti ndiponye, osaipeza. Misozi imene inayenera kugwa pa Chintheche inagwera pa tebulo la Olive, mzungu akumvetsera. Nditatha kulira anandipempha kuti ndimuuze za Ethel, ndipo ndinamuuza mmene ankayanikira chinangwa pa thandala mizeremizere ngati asilikali, ndi mmene ankanditchulira chitsiru chake.

Sindinachire, ndisakunamizeni. Masiku ena ndimadzuka bwino, ena khoma lija limandiitananso. Mankhwala anawasintha pang'ono, ndipo ndimakaonana nawo pafupipafupi. Koma Lamlungu lapitali buluku linali ndi mzere woti mungadulire nyama. Olive atauona anangondikonza kolala.

Tsono Vanessa akuti ndi bwino pakhale munthu mmodzi wa kwathu amene azilowa nawo mu potolo, aziwerenga zimene ndikulemba ine ndi zimene akulemba iwo, ndipo akaona kuti nkhalamba yayambanso kuzemba, aziwatsina khutu. Akuti iwo andidziwa miyezi yochepa, ndipo ndimawagonjetsabe ndi nthabwala kawirikawiri. Anafunsa ngati alipo munthu amene sindingamupusitse. Ndinati alipo mmodzi pa dziko lonse, ali ku Chintheche, ndipo Chingerezi amachidziwa kuposa ine. Anakafunsa akuluakulu ake za kutalika kwa mtunda, n'kubwera ndi yankho loti zitheka ngati ine ndasaina ndipo inu mwavomera.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Ugadiyani munaugwira kale pa Ethel ku chipatala cha ku boma, kugona pa simenti pansi pa bedi ndi bondo lanulo, kuphika phala ku khitchini ya magadiyani utsi uli m'maso, pamene ine ndinali panja kuseketsa alonda a pa geti. Sindinakuthokozeni mokwanira. Uno ndi wopepukirapo. Simufunika mkeka, nkhuni kapena beseni. Aleck akuonetsani podina, si zovuta, ngati ine ndinatha ndiye inu mudzaphunzitsa ena. Netiweki ikavuta, pa mtengo wa mango wa kufupi ndi msewu paja imagwira. Fiskani angathe kumakutchajirani foni, koma mawu achinsinsi akhale m'mutu mwanu, mwana wanuyo pakamwa pake mpofanana ndi pa malume ake.

Ntchito yake ndi iyi. Kamodzi pa sabata mutsegule, muwerenge. Mukapeza ndalemba za mphaka, kapena mukaona kuti nthabwala zachuluka kuposa nkhani, mulembe mawu anu awiri aja. Vanessa ndamuphunzitsa kale tanthauzo lake. Mudzawerengamo zinthu zimene mlongo safuna kumva za mlongo wake, ndipo pa zimenezo ndikupepeseranitu.

Anthu musawauze. Sikuti ndikuchita manyazi kwambiri, koma mukudziwa kwathu. Ikafika pa msika idzakhala yoti a Zacharia apenga ku Ulaya, ikafika ku gombe idzakhala yoti malemu akuwaitana, ndipo wina adzayamba kufunafuna ng'oma yotulutsira mizimu. Ndikadzabwera ndidzanena ndekha, mwina ingathandize ena amene akusita mabuluku awo mitima ili makwinya.

Mukaona kuti simungathe, sindidzakwiya. Mwasenza zambiri za banja lino. Foniyo mudzangompatsa Fiskani, ine ndidzauza Vanessa kuti munthu uja wakana. Koma yankho mumpatse Aleck asanabwerere kumapeto kwa mwezi, chifukwa ndikapitanso ku chipatala adzandifunsa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Winston, muwauze kuti bawo asamanyadire, akupambana chifukwa mwini wake kulibe. Moni kwa Fiskani ndi amuna ake ndi adzukulu onse. Moni kwa alamu anga a kwa Longwe, makamaka amene akulambula pa manda, yewu ukongwa, zikomo kwambiri. A Adamu a pa sitolo muwauze kuti kuno ndapeza masikelo onena zoona, ndidzawabweretsera imodzi kuti aione kamodzi asanafe. Amayi a Umanyano onse moni, andikumbukire m'mapemphero, koma asafunse chifukwa. Olive akupereka moni, akuti nsalu ya m'phukusimo ndi yanu, osati ya a Winston.

M'kalata muno ndathiramo nthabwala zokwana kudzaza bwato. Ngati mwafika pano osaseka ngakhale kamodzi, mayeso mwakhoza, ntchito ndi yanu. Ngati penapake mwaseka, musandiuze. Ndilibe wina.

Tsalani bwino, azichi. Mulungu asunge bondo lanu.

Ine mlongo wanu,
Zacharia
Dokotala wopuma wa malipenga, panopa wodwala